Kwa agogo a zokometsera ku Kamwala, kumene mwana wa mutu wa njovu amalondera khomo

Ine ndimadyera m'mapoto. Ndimaphikira maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo kuno ku Lusaka, makamaka ku Chilenje, Kabwata ndi Libala, ndipo aliyense amene walawa pilau wanga kapena samusa amafunsa funso limodzi: zokometsera mumagula kuti? Ndimagula ku shopu ina yaing'ono ya Amwenye ku Kamwala, kuyambira 2018. Dzina lake sinditchula, chifukwa ndikamba zabwino ndi zolakwika zomwe, ndipo sindifuna kuchititsa manyazi anthu amene amandilandira bwino. Mukachoka mu Independence Avenue n'kulowa m'mizere ya mashopu a zitenje ndi mabulangete, mphuno ikutsogolerani. Pali khomo limodzi pamene fungo la lubani ndi tsabola limangoti guu mpaka pamsewu.

Chimene chinandikokera kumeneku ndi ufa wa chikasu, uja m'masitolo akuluakulu amalembapo kuti turmeric. Ogulitsa ena amausakaniza ndi ufa wa chimanga kuti uchuluke, ndiye mpunga umatuluka wotuwa ngati wadwala. Wa pano ukautsina, chikasu chake chimakhala m'zikhadabo mpaka mawa. Jeera (cumin) ndi dhania (coriander) amagulitsa njere zosagaya, kuti ukakazinge wekha pachiwaya n'kusinja mu kamtondo, ndipo amene anayesapo akudziwa kuti fungo lake silifanana ndi la m'timabotolo. Sinamoni wawo ndi wa makungwa enieni. Amakuyezera pasikelo iwe ukuona, kuyambira magalamu 50, choncho mayi wofuna za mphika umodzi sakakamizidwa kugula paketi yonse. Mpunga wa basmati ndi wautali, sumatana, ngakhale uphike mu mpoto wa anthu 100. Pa chikasu, jeera ndi dhania mtengo ndi wabwino. Pa elaichi (cardamom) ndi ma clove umaluma, ndipo pano sanenerera.

Koma amene ndikufuna kukamba kwambiri ndi mwini malo weniweni, amene sagulitsa kanthu. Ukangolowa n'kutukula maso, pashelefu ya pamwamba pa kauntala pakhala chifanizo cha mkuwa, msinkhu wake ngati botolo la mafuta ophikira la malita 2. Thupi la munthu, mimba yaikulu, manja anayi, mutu wa njovu. Nyanga imodzi ndi yothyoka. Patsogolo pake pamakhala duwa lofiira psuu ndi kandodo ka lubani kofuka utsi.

Kwa zaka 5 ndinkalowa mushopumo maso ali pansi. Ndinakulira mu Reformed Church ku Katete, ndipo mawu akuti fano ndimawadziwa kulemera kwake. Komanso mukudziwa mmene timanenera munthu wa bizinesi imene sikugwa: timati ali ndi kanthu. Mnzanga wina wophika naye anandichenjeza kuti amenewo ndi mankhwala okokera makasitomala, ndalama zako zikalowa mmenemo sizibwereranso kwa iwe. Sindinasiye kugula chifukwa chikasucho chinali chabwino, koma ndinkalipira mwachangu n'kutuluka ndikupemphera chamumtima. Sindinafunsepo ngakhale kamodzi.

Ndinafunsa Lachiwiri pa 19 Seputembala 2023. Ndinapita kukagula za ukwati wa Loweruka, ndipo ndinapeza shopu yasintha. Maluwa anali atalendewera pakhomo, pambali pa chifanizo cha mkuwa panali china chaching'ono cha dongo chopaka utoto, ndipo agogo aakazi, amayi a bambo amene amakhala pa ndalama, anakhala pakampando akuyala timitanda toyera m'mbale. Agogowa anabadwira ku Chipata ikadali Fort Jameson, ndipo Chinyanja chawo ndi cha kum'mawa chenicheni, choposa cha ana anga obadwira m'tauni. Ndinangomva pakamwa panga patuluka kuti, "Agogo, kodi ameneyu ndani?"

Anandiyang'ana, n'kukankha thumba la mphodza kuti ndikhalepo. "Mwana wanga, zaka zonsezi mumamuyang'ana cham'mbali. Lero mwafunsa pa tsiku lake lobadwa. Khalani pansi."

Dzina lake ndi Ganesha. Mayi ake ndi Parvati, bambo ake ndi Shiva, mmodzi mwa milungu yaikulu ya Ahindu. Agogo anaifotokoza nkhaniyo monga amayi anga ankayimbira nthano, osathamanga. Shiva anali munthu wa maulendo, wokhala nthawi yaitali kumapiri akusinkhasinkha. Parvati anatsala yekha, ndipo tsiku lina pofuna kusamba analibe womulondera khomo. Anapala phala la chikasu limene anadzola m'thupi, naumba kamnyamata, nakapatsa moyo. Apa agogo analoza paketi imene inali m'manja mwanga. "Chikasu chomwechi." Mayiyo anauza mwana wake kuti asalole aliyense kulowa. Shiva atabwera anapeza mnyamata wosamudziwa ataima pakhomo pa nyumba yake, akumukaniza. Mnyamatayo sanamudziwenso, ankangosunga mawu a mayi ake. Mkwiyo utakwera, Shiva anamudula mutu. Parvati atatuluka n'kuona zimene zachitika, kulira ndi ukali wake zinagwedeza dziko, mpaka Shiva anatuma anyamata ake kuti apite chakumpoto akabweretse mutu wa chamoyo choyamba chimene akakumane nacho. Anakumana ndi njovu. Mwana anadzuka ndi mutu wa njovu, ndipo bambo ake anamuika kukhala mkulu wa gulu lawo lonse, nalamula kuti pa mwambo uliwonse iye azitchulidwa poyamba.

Ndinakhala chete pathumba lija. Nkhani imeneyi sinandimvekere yachilendo. Agogo anga aamuna anapita kumigodi ku Kitwe amayi anga ali m'mimba, nabwerera mwana ali kale wotunga madzi. Amayi ankasimba kuti tsiku limenelo anathamangira kuseri kwa nkhokwe kukauza amalume kuti kwabwera munthu wachilendo akufuna kulowa m'nyumba. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mkamwini wokhalitsa kutali amabwera ngati mlendo pakhomo pake pomwe. Chimene ndinkachiopa kuti ndi chithumwa chinali chifanizo cha mwana amene anavulala chifukwa chomvera amake. Komanso ife a ku Katete njovu timailemekeza. Pa gule wamkulu Njovu situluka wamba, imadikira tsiku lalikulu.

Maina ali nawo ambiri. Agogo anati pamapemphero ena amatchula maina 108, koma anandipatsa ochepa kuti ndisatope. Ganesha ndi Ganapati onse amatanthauza mwini kapena mtsogoleri wa magana, gulu lija lotumikira Shiva. Gajanana ndi wa nkhope ya njovu. Ekadanta ndi wa nyanga imodzi. Lambodara ndi wa mimba yolendewera, Vakratunda wa chitamba chopindika. Ena amamutcha Vinayaka, ndipo anthu olankhula Chitamil kum'mwera kwa India amati Pillaiyar. Koma limene amalonda amalikonda ndi Vighnaharta, wochotsa zopinga. N'chifukwa chake amakhala pakhomo la shopu, pakhomo la nyumba yatsopano, pamwamba pa kalata yoitanira anthu ku ukwati, ndiponso patsogolo pa galimoto yogula kumene. Kachitidwe kotcha dzina molingana ndi ntchito ndinakamva msanga, poti nafenso makolo athu ankati Mphambe akamva bingu, Namalenga akaona zolengedwa, Chauta akaona uta wa Leza uli tambalale kumwamba.

Ndinaimirira n'kumuyang'anitsitsa koyamba. M'dzanja lina agwira kankhwangwa, m'lina chingwe chokhala ndi khwekhwe, lina latambasuka kudalitsa, ndipo lomaliza lanyamula kambale ka zotsekemera kamene chitamba chikufikiramo. Agogo anati nkhwangwa imadula zimene zimamanga mtima wa munthu, chingwe chimakoka wosochera kuti abwerere. Makutu aakulu ndi akuti uzimva zambiri, ndipo amafanana ndi lichero, lopeta mankhusu n'kusunga maso a mpunga. Anandionetsanso kuti chitamba cha wawoyu chapindikira kumanzere kwake. Otero ndi amene anthu ambiri amasunga m'nyumba ndi m'mashopu. Wa chitamba cha kumanja, ngati wa ku kachisi wa Siddhivinayak ku Mumbai, amafuna mwambo wokhwima, ndiye ambiri amamusiyira ansembe.

Ndipo kumapazi kwake ndinaona kanthu kamene zaka 5 zonse sindinakaone. Mbewa. Kambewa ka mkuwa kataima ndi miyendo iwiri, kakuyang'ana m'mwamba. Imeneyo ndiyo amakwera, anatero agogo, dzina lake Mushika. Munthu wa kum'mawa safunika kumuphunzitsa za mbewa. Tinakula tikukumba mauna ake m'minda ikatha kukolola, ndipo tikudziwa kuti palibe nkhokwe yomata bwino imene mbewa singalowemo. Njovu imagwetsa mtengo umene watseka njira, mbewa imaboola pamene njovu singadutse. Wochotsa zopinga ali nazo njira zonse ziwiri. Agogo anawonjezera kuti ena amati mbewa ndi chilakolako cha munthu, chimene chimadya mbewu usiku ngati palibe wochikwera pamsana.

Makasitomala ankalowa ndi kutuluka, ife tili pamenepo. Ndi nkhani ya mpikisano imene inandigwira mtima koposa. Ganesha ali ndi m'bale wake, Kartikeya, msilikali wothamanga amene amakwera pikoko. Makolo awo anali ndi chipatso chimodzi chosagawika, ndiye anati adya ndi amene ayambe kuzungulira dziko lonse n'kubwerera. Kartikeya anakwera mbalame yake n'kuuluka nthawi yomweyo. Ganesha, ndi mimba yake ndi mbewa yake, sakanatha. Anaimirira, nazungulira amake ndi atate ake pamene anakhala, nanena kuti kwa iye dziko lonse ndi iwowo. Chipatso anapatsidwa iye. Ndinaganiza za amayi anga amene ali ku Katete, ulendo wosakwana tsiku limodzi pa Great East Road, amene chaka chimenecho ndinali ndisanawaone chifukwa cha maoda. Ukwati uja utatha ndinapita ku Intercity kukakwera basi.

Za nyanga yothyoka, agogo anati nkhani zilipo zingapo, ndipo sanandibisire kuti zimasiyana. Ina imati anathyoledwa ndi nkhwangwa ya wankhondo wina dzina lake Parashurama, amene Ganesha anamukanizanso kulowa pamene Shiva ankapuma. Poona kuti nkhwangwayo inali mphatso yochokera kwa atate ake, Ganesha sanaizembe, anailandira ndi nyanga. Imene iwo amaikonda ndi ya kulemba. Mkulu wanzeru Vyasa ankafuna womulembera Mahabharata, ndakatulo yaitali imene amati ili ndi ndime pafupifupi 100,000. Ganesha anavomera, koma anati Vyasa asapume polankhula. Vyasa naye anati chabwino, koma iwe usalembe mawu amene sunawamvetse. Cholembera chitathyoka pakati pa ntchito, Ganesha anathyola nyanga yake n'kupitiriza kulemba. N'chifukwa chake ana a sukulu amamutchula asanalowe mayeso.

Apa mwana wawo, amene masiku ena sakhala ndi mawu ambiri, anatulutsa buku lofiira la maakaunti pansi pa kauntala. Ali ndi kompyuta, koma bukulo sanalisiye. Patsamba loyamba panalembedwa ndi utoto wofiira mawu awiri, Shubh ndi Labh, kutanthauza mwayi wabwino ndi phindu. Anati amalonda a ku Gujarat, dera la ku India kumene makolo awo anachokera, amatsegula buku latsopano pa Diwali, chikondwerero chawo cha nyale, n'kulipempherera pamaso pa Ganesha ndi Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, ndipo ena amati Shubh ndi Labh ndi ana a Ganesha. Ndiye mnzanga uja sananame kotheratu kuti chifanizocho chikukhudza malonda. Chimene anaphonya n'chakuti palibe chobisika kapena chokwiriridwa pansi pa khomo. Zonse zili poyera, monga ine ndimaitanira abusa kudzapempherera mapoto atsopano. Anandiuzanso kuti chikondwerero cha tsiku limenelo, Ganesh Chaturthi, kale chinkachitikira kwambiri m'nyumba, mpaka Bal Gangadhar Tilak, womenyera ufulu wa India, anachitulutsira m'misewu m'ma 1893 kuti anthu azisonkhana pamaso pa Angerezi amene ankaletsa misonkhano ya ndale. Lero ku Mumbai ndi ku Pune chimatha masiku 10, ndipo pomaliza amanyamula zifanizo zadongo ndi ng'oma kukazimiza m'madzi. Kuno nyanja kulibe, ndiye agogo amasungunula kawo kadongo m'beseni kunyumba, madziwo n'kuthirira maluwa.

Ndinaphunziranso kuti Amwenye si amodzi onse. Ambiri amene ndinkawaona ku Chipata ndi Asilamu a kumzikiti, awa ndi Ahindu a kukachisi, ngakhale mabanja ambiri a mbali zonse anachokera ku Gujarat komweko. Makolo athu akhala akugula nsalu ndi mchere kwa anthu amenewa zaka zoposa 100, koma ine, mayi wa zidzukulu, ndinali ndisanadziwe zimenezi. Mtunda uli pakati pathu si wa mbali imodzi, nawonso ambiri amatseka mipanda yawo. Koma pano ndinafunsa ndipo ndinayankhidwa.

Tsopano za timitanda toyera tija, ndi chifukwa chenicheni chimene ndimatumizira anthu ku shopu imeneyi. Amatitcha modak. Kunja ndi ufa wa mpunga, mkati muli kokonati wopala ndi shuga wa nzimbe wosayeretsa ndi elaichi pang'ono, ndipo amatiphika ndi nthunzi. Pamwamba amatipinda timizere n'kusongola ngati mutu wa adyo. Amati Ganesha amatikonda koposa, ndipo amamupatsa 21, pamodzi ndi timasamba 21 ta udzu wotchedwa durva. Atandionetsa udzuwo ndinadabwa, ndi kapinga wathu yemweyu wa pabwalo. Agogo anati kwawo ku Gujarat amazolowera ladu, timitanda totsekemera tobulungira, modak anaphunzira kwa mpongozi wawo wochokera ku Pune. Kenako anaika mbale ziwiri pakauntala. "Mwana wanga, ndikudziwa ndinu wa kutchalitchi. Izi zapita kale pamaso pake. Izi sizinapite, zangochoka pamoto. Tengani zimene mtima wanu ukulola, kapena musatenge, sindidandaula." Akanatha kungondipatsa osanena, ine sindikanadziwa. Ndinatenga za m'mbale yachiwiri. Chikopa chake chinali chofewa, chosamata m'mano, ndipo shuga wa mkati ankamveka ngati nzimbe yowotcha. Munthu amene sakunamiza pa zinthu za chikhulupiriro chake sangakunamize pa sikelo, ndi mmene ine ndinaonera. Sanayesepo kundikopa, ndipo ine ndikadali wa Reformed monga kale.

Potsanzikana anandichenjeza akuseka kuti iwo usiku umenewo sayang'ana mwezi. Akuti tsiku lina Ganesha atakhuta modak ankabwerera kwawo, mbewa inadzidzimuka ndi njoka, iye n'kugwa. Anatola njokayo n'kudzimanga nayo m'mimba ngati lamba, koma mwezi unamuseka. Iye anautemberera kuti usawale, ndipo atapepesedwa anafewetsa chilango kuti uzichepa ndi kukula. Amati woyang'ana mwezi usiku wa Chaturthi amanamiziridwa mlandu.

Zolakwika zilipo, ndipo ndizinena. Shopu ndi yopapatiza, anthu 6 akalowa mwadzaza, ndipo matumba ali pansi moti wa ndodo kapena wobereka mwana amavutika. Mabotolo ambiri alibe zolemba za Chingerezi kapena mitengo, ndiye wobwera koyamba amachita manyazi kufunsa chilichonse. Izi akanakonza mosavuta. Bambo a pa ndalama akapanikizika amayankha mwachidule kwambiri, ndipo ndinaonapo mtsikana wina akutuluka osagula chifukwa anamufulumizitsa. Ndinawauza, anavomera, koma khalidwelo limabwererabe kumapeto kwa mwezi. Kamodzi anandigulitsa elaichi wakale wopanda fungo. Nditabweza anandisinthira osakangana, koma pilau wa tsiku limenelo anali atapita kale kwa eni ake. Chiyambire pamenepo ndimaswa njere imodzi ndi dzino ndisanalipire, nanunso muzitero. Makina a khadi nthawi zambiri sagwira, choncho nyamulani ndalama kapena lipirani pafoni. Amatseka nthawi ya nkhomaliro, Loweruka amaweruka masana, Lamlungu satsegula. Nyengo ya mvula madzi amadikha pakhomo, valani nsapato zoti zinyowe. Ndipo panja gwirani chikwama bwino, Kamwala ndi Kamwala.

Modak sagulitsa, musapite mukuyembekezera kuwapeza pashelefu. Koma zonse zopangira zilipo: ufa wa mpunga wosalala, kokonati wouma, shuga wa nzimbe wa zibuma, ndi timakombole ta pulasitiki towumbira. Amagulitsanso lubani, tinyale tadongo ndi zithunzi za milungu yawo pakona yakumbuyo, ndipo sakakamiza munthu kuziyang'ana. Agogo amapezeka m'mawa, kuyambira cha m'ma 9 koloko, makamaka Lachiwiri ndi Lachinayi. Ngati mukufuna kufunsa kanthu pitani nthawi imeneyo, pakati pa mwezi, anthu asanachuluke.

Mwezi watha ndinapita ndi mdzukulu wanga wa zaka 6. Iye sanayang'ane pansi. Anangoti maso ndwii pashelefu, n'kuwerenga manja mokweza mpaka anayi, kenako anafunsa chifukwa chake njovuyo ili ndi dzino limodzi. Agogo anakankhanso thumba la mphodza, namukhazika, nayamba ya Vyasa ndi cholembera chothyoka. Ine ndinawasiya n'kupita kusikelo, poti Loweruka ndinali ndi chinkhoswe ku Woodlands ndipo chikasu chinali chitandithera.